Alamu Anga a Cecilia ndi Mapoto a pa Mlatho

Munthu wamantha ngati alamu anga a Cecilia Njobvu sindinamuonepo, ndipo ndimawauza pamaso pawo. Amaopa mphenzi, amaopa agalu a eni, amaopa kalata iliyonse yokhala ndi chidindo. Foni ikalira ndi nambala yachilendo amangoiyang'ana mpaka isiye yokha. Koma pa zonse chimene amaopa kwambiri ndi lole. Akamva injini yaikulu, ngakhale ikadali kutali, amachoka mumsewu n'kulowa m'udzu mpaka m'chiuno, ndipo satulukamo fumbi lisanathe. Ana a kuno ku Chalimbana amawaseka. Ine sindiseka, chifukwa ndikudziwa kumene zinachokera.

Ine ndine Norah, mlongo wa malemu amuna awo, a Vitalis. Makolo athu anachoka ku Katete ife tili ana, kudzafuna malo olima kuno. Ndili ndi dimba m'mbali mwa kamtsinje, ndipo repu, tomato ndi impwa ndimagulitsa pa kamsika ka pafupi ndi geti la yunivesite. Sukulu ndinalekeza giredi faifi. Ndanena dala zimenezi, kuti mukayamba kundiseka mundiseke mukudziwa.

A Cecilia anabwera kuno ali ndi zaka makumi awiri, atasenza kabokosi ka malata, kudzaphunzira uphunzitsi. Nthawi imeneyo yunivesite inali koleji chabe, ndipo iwo mpaka lero amangoti koleji, muwakonze musawakonze. Kwawo kunali kufupi ndi mishoni, banja la Akatolika olima chimanga, ndipo m'banjamo palibe amene anali atafika patali chotero ndi sukulu. A Vitalis anali ataphunzira za ng'ombe za mkaka ku Palabana, ndipo ankabweretsa mkaka ku koleji panjinga. Mkaka umenewo ndiwo unatibweretsera mlamu. Amayi athu poyamba ankati mkazi wophunzira sagwira khasu, koma a Cecilia anawatseka pakamwa dzinja loyamba lomwe.

Anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zitatu pa pulayimale ya kuno. Chodabwitsa n'chakuti akalowa m'kalasi mantha ankatsalira pakhomo, ana odzaza chipinda n'kukhala chete ndi diso lokha. Bwalo la mpira la sukuluyo linali tsidya lina la msewu, ndipo powolotsa ana anali ndi njira imene ankati anaiphunzira ku koleji. Mphunzitsi sawoloka pamodzi ndi ana. Amawaimika m'mbali, iye n'kuyenda yekha mapazi makumi atatu kulowera kumene galimoto ikuchokera, n'kuima pakati pa msewu dzanja lili m'mwamba. Ana amawoloka kumbuyo kwake. Ndinawafunsapo chifukwa chake mapazi makumi atatu. Anandiyankha kuti galimoto ikalephera kuima pa mphunzitsi, ikamafika pa ana ikhale itachepetsa liwiro. Ananena zimenezo akusenda mbatata, osadzutsa n'komwe mutu.

Tamara, mwana wawo wotsiriza, ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, lole inagunda a Vitalis pa msewu wa ku Chongwe ali panjinga ndi zigubu za mkaka. Ine ndi a Cecilia tinafika pamalopo thupi atalichotsa kale. Tinangopeza njinga yopindika ndi mkaka utayenderera m'fumbi. Kuyambira tsiku limenelo a Cecilia sanawolotsenso ana. Ankapempha aphunzitsi anzawo, iwo n'kutsalira m'kalasi kumachonga makope. Palibe amene anawadzudzula, koma ine ndinkaona kuti zikuwadya mumtima.

Za koleji zokha sanasiye kunyadira. Setifiketi yawo ili pakhoma la pabalaza, m'galasi, ndipo Loweruka lililonse amaipukuta asanapukute chithunzi cha ukwati. Tamara anakula akumva nkhani imodzimodzi: mmene iwo ndi anzawo a m'kalasi anaonera ana a tsidya lina la kamtsinje akujomba kusukulu dzinja lonse chifukwa cha madzi, n'kuyenda onse khomo ndi khomo kupempha simenti, n'kumanga okha kamlatho. Kamlathoko anadzakakulitsa pambuyo pake, koma maziko ndi awo. Ankamuuza mwanayo kuti koleji siphunzitsa kugwira choko kokha, imaphunzitsanso kuti ukaona cholakwika usayang'ane kumbali. Ine ndinkawachenjeza kuti alamu, mwanayu akumva izi. Tamara atasankhidwa kukaphunzira pa koleji yomweyo, a Cecilia anavina pabwalo, ine ndikuona ndi maso angawa.

Zaka ziwiri zapitazo kunabwera bwana wina wa ku Lusaka, dzina lake ndilibe nalo ntchito, n'kuyamba kukumba mchenga kumtunda kwa kamtsinje kathu. Malole a mchenga aja, amene timati matipa, anayamba kutsika ndi kukwera tsiku lonse, kuwolokera pa mlatho womwewo. Chaka choyamba tinangodandaula za fumbi. Chaka chachiwiri zitsime za m'madimba zinayamba kuthawa. Repu wanga anapsa mu Seputembala, chinthu chimene sichinachitikepo chibwerere ife kuno. Pamsika tinkatukwana bwanayo m'mawa mpaka madzulo, koma tipa ikadutsa tinkangophimba tomato ndi chitenje.

Amene sanangotukwana ndi ana a pa yunivesite. Mphunzitsi wawo wina anawatuma kuti pa maphunziro awo aziyeza zitsime zathu mwezi uliwonse, ndi chingwe chomangirira mwala, n'kumalemba m'kope. Tamara anali m'gulu limenelo, ali chaka chomaliza. Ataona kuti madzi atsika kuposa msinkhu wa munthu, analembera bwana uja kalata kawiri, iye osayankha. Ndiye anapangana kuti Lachinayi lina akaime pa mlatho, matipa asadutse mpaka mwini wake abwere adzaone kope lawo. Wolankhula wamkulu anali Tamara, mwana amene ndinamubereka kumsana ine.

A Cecilia atamva, analira, anakalipa, anamukumbutsa mwanayo za atate ake, anamuuza kuti kwatsala miyezi itatu yokha kuti avale chipewa cha omaliza maphunziro. Tamara anangotenga chikwama n'kukagona kwa anzake ku hositelo. Sabata yathunthu mayi ndi mwana sanalankhulane.

Lolemba la sabata ya chionetserocho Tamara anadutsa pa tebulo langa akuthamangira m'kalasi. Msika unali utadzaza, minibasi ikuliza hutala, ine ndikukangana ndi mayi wina amene ankafinya tomato wanga aliyense.

"Ba anti, muwauzeko amayi kuti Lachinayi tifuna ma alumini onse pa mlatho, seveni koloko. Iwo ndiwo awadziwa. Ine nikakamba nawo amangolira."

Ndinamufunsa kuti onse? Anati onse amene angapezeke, makamaka akale, chifukwa akalewo ndiwo ali ndi mphamvu. N'kuthamanga.

Tsopano inu ophunzira, ndiuzeni, ine ndikanamva chiyani? Ana a pa yunivesite mawu aliwonse amawadula mchira. Ndinati alumini ndi aluminiyamu, mapoto. Ndipo zinandikomera m'mutu: chitsime chauma, poto ilibe madzi, tikaima ndi mapoto opanda kanthu bwanayo aona yekha. Zoti akale ndiwo ali ndi mphamvu, ndani sadziwa kuti mapoto akale ndi ochindikala kuposa a masiku ano? Ndinamuyamikira mwanayo mumtima kuti sukulu ikumuthandiza.

Madzulo ake ndinapita kwa a Cecilia. Ndinawapeza akusesa pakhonde, ndipo ndinawauza kuti mwana wanu akufuna ma aluminiyamu onse Lachinayi, makamaka akale, akuti inu ndinu mukuwadziwa. Anasiya kusesa. Anandifunsa kuti mwanayo wanena mawu ati enieni, ine n'kubwereza mmene ananenera. Anayang'ana kukhoma kumene kuli setifiketi, nthawi yaitali ndithu, kenaka analowa kukhitchini n'kutuluka ndi poto yaikulu imene amayi athu anawapatsa pa ukwati. Inkawala ngati kalilole, chifukwa a Cecilia poto amaikwecha ndi mchenga mpaka udzione nkhope. Anandipatsa osandiyang'ana m'maso. Ine ndinati mtima wawo wayamba kufewa.

Lachiwiri ndinauza msika wonse. Ndinauza azimayi a m'madimba, a kutchalitchi, ngakhale a ku Kanakantapa amene amabwera ndi kabichi. Pofika Lachitatu masana azimayi makumi anayi anali atalonjeza, aliyense ndi poto yake. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Lachitatu lomwelo, dzuwa litapendeka, ndili kwa a Cecilia, kunabwera mwamuna wina kudzera kuseri kwa nyumba, kumunda wa chimanga. Anali Jonas Mvula, dalaivala wa tipa imodzi ya bwana uja, bambo wa ana atatu, amene a Cecilia anamuphunzitsa giredi folo. Anavula chipewa, anakana mpando. Ankayang'anayang'ana kumsewu.

"Madamu, nabwera mobisa. Bwana atiuza kuti mawa tisachepetse sipidi pa mlatho. Ati ana a sukulu ni amantha, azathawa okha. Koma madamu, tipa yodzaza mchenga potsetsereka paja siima msanga, olo uponde buleki bwanji. Mumuchotsepo Tamara."

A Cecilia anamufunsa ngati iye ndiye adzakhale patsogolo. Jonas anati sakudziwa, bwana wabweretsa madalaivala awiri achilendo osadziwa munthu aliyense kuno, ndipo mwina atsogoza amenewo. Anachoka mmene anabwerera. Ndinayang'ana alamu anga, ndipo nkhope yawo inali ngati ya tsiku la mkaka lija.

Anaimba foni okha, ndipo Tamara anabwera dzuwa lisanalowe. Anamva zonse ataima pakhomo. Anati bwanayo akungoopseza, apolisi awadziwitsa kale ndipo alonjeza kufika seveni koloko, ndiponso palibe dalaivala angayendetse tipa pa gulu la aphunzitsi aimvi amene theka la boma lino linadutsa m'manja mwawo. Kenaka anafunsa amayi ake kuti ma alumini amene avomera ndi angati.

Ndinayankha ndine, monyada, kuti makumi anayi, osawerengera yaikulu ya amayi ako.

Tamara anandiyang'ana. Ndinamufotokozera za mapoto, ndipo ndikufotokoza ndinaona nkhope yake ikusintha. Anandiuza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi wodwala, kuti alumini ndi anthu amene anaphunzira pa sukulu n'kumaliza. Ankafuna anzawo a amayi ake, mahedimasitala opuma, aphunzitsi akale, anthu amene bwana uja sakanayerekeza kuwawaza fumbi. Maina awo onse ali m'kabuku ka a Cecilia. Abale, ndinalakalaka nthaka itang'ambika. Koma mwanayo sanakhalitse pa ine, anatembenukira kwa amayi ake.

"Ba anti sanadziwe. Koma imwe, amayi, munadziwa."

"Ndinadziwa," anatero a Cecilia.

Anati anaganiza kuti akuluakulu akapanda kubwera, ana aimitsa zonse. Apa mkwiyo unandikwera mpaka m'makutu. Ndinawauza kuti andisandutsa chitsiru pamsika wonse, kuti andiona ndikunyamula poto ngati wamisala iwo ali chete, kuti mantha awo tsopano avula mwana chishango chimene anali nacho. Ndinanena zambiri, zina sindingazibwereze pano. Iwo anagwira mwana wawo dzanja n'kumupempha kuti asapite, aimitse, adikire sabata ina. Tamara anati akawauza anzake za Jonas, amene afuna kutsala atsale, koma iye ndiye anawaitana ndipo sangabisale m'nyumba ena ataima pamsewu.

"Mlatho uja munamanga ndimwe, amayi. Nizaimirira pamenepo."

Anachotsa dzanja lake mwaulemu n'kupita.

Lachinayi kunacha kozizira. Ndinadzera kwa a Cecilia ndi poto yawo m'manja, kuti ndiwabwezere. Chitseko chinali chokhoma, makatani otseka, ndipo mkati ndinamva akupemphera kolona mofulumira, mawu akugundana. Ndinagogoda kawiri, osatsegula. Ndinati zikhale choncho, n'kupita nayo potoyo kumlatho. Ndinkaganiza za mlongo wanga, ndinkaganiza kuti mwana wake akafa lero adzakhala atafa chifukwa cha makutu anga.

Azimayi anabwera, chifukwa panalibe nthawi yowabweza. Anafika ndi mapoto pamutu, ena m'manja, ena ndi zikombe zomwe. Ana a sukulu analipo ngati makumi asanu, ndi zikwangwani za makatoni. Atamva nkhani ya mapoto ena anaseka mpaka kugwira mimba, koma kunali kuseka kwa anthu amene akuopa, kunatha msanga. Tamara sanaseke. Anayang'ana gulu lonse kufuna mutu waimvi wa mphunzitsi ngakhale umodzi, ndipo panalibe. Anawauza anzake kuti akolane mikono kutseka mlatho, iye pakati. Ife azimayi tinaima m'mbali mwa msewu.

Msewu umenewo umachokera kumtunda, umakhota pa mtengo wa mkuyu, kenaka umatsetsereka molunjika mpaka pa mlatho. Matipa masiku onse ankayamba kutsika eyiti koloko. Tsiku limenelo seveni isanakwane, apolisi asanafike, tinamva injini kuseri kwa mkuyu. Inali idakali patali, koma aliyense anamva kuti ikubwera yolemera ndipo sikuchepetsa. Mtsikana wina pamzere anayamba kulira. Anyamata awiri kumapeto anamasula mikono n'kubwerera m'mbuyo. Tamara sanasunthe, ndipo ndinadziwa kuti mwanayu sathawa, ali ndi mutu wa atate ake.

Wina anandilanda poto m'manja. Ndinatembenuka kuti ndimutukwane, ndipo anali a Cecilia. Anali atavala siketi yawo yabuluu ya kuntchito ndi nsapato zakuda, koma duku linali lopotoka ndipo nkhope inali yonyowa. Sanandilankhule. Sanayang'ane ngakhale mwana wawo. Analowa mumsewu n'kuyamba kukwera chitunda, kulowera kumene injini inkachokera, pakati penipeni, milomo ikuyenda. Tamara anaitana kuti amayi, amayi, koma anzake anali atamukola mikono mbali zonse. Ine ndinafuna kuwathamangira, miyendo inakana. Ndikunena zoona, ine wapakamwa uja ndinaima ngati chitsa.

Anaima, n'kukweza poto m'mwamba ndi dzanja limodzi, monga ankakwezera dzanja powolotsa ana. Dzuwa linali litangotuluka, ndipo potoyo inang'anima.

Tipa inatulukira pa mkuyu, fumbi lili kumbuyo. Sindikudziwa amene anayamba, mwina ndine, koma azimayi tonse tinayamba kumenya mapoto, ndi zikombe, ndi miyala, ndi zikhatho zomwe. Amene analibe poto anakuwa. Phokoso lake sindinalimvepo chibadwire, koma injini inkamvekabe pamwamba pake. Dalaivala analiza hutala osalekeza, kudikira kuti mayiyo adumphire kumbali. Mayiyo sanadumphe. Ndinaona siketi ikugwedezeka chifukwa cha kunjenjemera, dzanja lokha lili chiimire. Kenaka mabuleki analira, matayala anakoka m'dothi, tipa inayamba kubwera chammbali, mchenga ukukhuthukira pansi. Fumbi linawaphimba a Cecilia. Ndinamva chitsulo chikuphwanyika, ndipo ndinatseka maso n'kuitana dzina la mlongo wanga.

Mapoto anasiya kulira. Fumbi litayamba kutsika tinaona tipa itaima chopingasa, ndipo patsogolo pake, pafupi moti akanatha kugwira chitsulo cha kutsogolo osatambasula mkono, a Cecilia anali chiimire, oyera ndi fumbi kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Dzanja linali likadali m'mwamba, lopanda kanthu. Poto inali pansi pa tayala.

Dalaivala anali mlendo, bambo wandevu. Anatsika n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu, manja ali kumutu. Tipa yachiwiri inali ya Jonas. Anaiimika kumbuyo, anazimitsa injini, n'kuika kiyi m'thumba, ndipo ena onse amene ankamutsatira anaima. Tamara anafika pa amayi ake akuthamanga, ndipo atangowagwira a Cecilia anagwa ngati thumba. Tinawanyamula anthu anayi kuwaika pamthunzi. Chimene anafunsa atatsegula maso n'chakuti ana awoloka onse? Apolisi anatipeza tikuwatsitsimutsa ndi madzi a m'botolo.

Ana a masiku ano chilichonse amajambula, ndipo pofika madzulo mafoni onse a boma lino anali ndi mayi wa poto. Foni ya a Cecilia inalira sabata yathunthu ndi nambala zachilendo, ine ndikuwayankhira. Anali anzawo a ku koleji, ena ku Chipata, ena ku Kabwe, ena amene ankaganiza kuti anamwalira kale. Onse ankakalipa chinthu chimodzi, kuti bwanji sanaitanidwe. Mwezi wotsatira anabwera makumi awiri ndi asanu ndi awiri, aimvi okhaokha, ena ndi ndodo, ndipo aliyense anatsika minibasi ali ndi poto m'manja. Anaima pa mlatho n'kuimba nyimbo zawo za ku koleji, ana a yunivesite akuwaombera m'manja. Mpaka lero gulu lawo amalitcha ma aluminiyamu, ndipo ine wa giredi faifi amandiitana kumisonkhano yawo n'kundikhazika kutsogolo. Poyamba ndinkati akundinyoza, tsopano ndimapita, chifukwa kumakhala tiyi.

Kukumba mchenga kunaimitsidwa kaye kuti nkhani iunikidwe, ndipo sinathe, bwanayo akuti akuyendabe m'maofesi. Chitsime changa chakwerako pang'ono. Jonas anachotsedwa ntchito tsiku lomwelo, tsopano akuyendetsa minibasi ya ku Kanakantapa. Tamara anavala chipewa chake, ndipo akuphunzitsa ku Rufunsa.

A Cecilia sanasinthe. Akamva lole amalowabe m'udzu. Anthu akawayamikira amakwiya, amati iwo ndi amene anabisa uthenga, ndipo kulimba mtima kulibe pamenepo, miyendo inangouma ndi mantha n'kukana kuthawa. Poto yophwatalala ija Tamara anaikhomera pakhoma pafupi ndi setifiketi, ndipo a Cecilia amaipukuta Loweruka, koma saiyang'anitsitsa.

Chinthu chimodzi chinkandivuta. Tsiku lina pochokera kudimba ndinayeza ndekha kuchokera pa mlatho kufika pamene anaima, pamene mpaka lero pali mulu wa mchenga umene unakhuthuka. Ndinayeza kawiri. Ndiye Loweruka lina, akupukuta galasi la setifiketi, ndinawauza kuti alamu, zoti miyendo inauma ndamva, koma miyendo youma sikwera chitunda. Ndinawauzanso kuti ku koleji anawaphunzitsa mapazi makumi atatu, koma ine ndapeza makumi anayi, kapena mantha anawasokoneza kuwerenga?

Anapitiriza kupukuta.

"Sindinasokoneze, mlamu. Ndinawonjezera khumi. Jonas anati yodzaza siima msanga."

Ndinakhala pampando. Nthawi yomweyo lole ya chimanga inadutsa kumsewu, mawindo n'kunjenjemera. A Cecilia anataya kansalu n'kundigwira mkono ndi manja onse awiri, ndipo sanandisiye mpaka injini itazimiririka kuseri kwa chitunda.